Mbaula ku Chinkhoswe cha Tinenenji

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano m'manjamu mukunyerenyetsa. A Jailosi, siyani kaye kupopa njingayo, mwini wake sabwera msanga. Nanunso a Nangondo sunthirani kuno ndi dengu lanu la chinangwalo, ogula akuonani muli pompano. Ndifotokoza kamodzi kokha, chifukwa nkhani ndikaibwereza imandiwawa kawiri.

Koma muyambe mwadziwa chimene ndinagona nacho. Dzulo madzulo kunabwera Tinenenji, muphwa wanga, mwana wa malemu mlongo wanga Felesiya. Inu a Nangondo mwabwera posachedwa kuno, mwina simudziwa. Felesiya anamwalira mwadzidzidzi, anangodandaula mutu m'mawa, pofika masana kwatha. Anthu a mumsika momwe ndinkakhoma zidebe nthawi imeneyo anati ndamupha ndine, ati ndimakhwimira bizinesi. Bizinesi yake iti? Zidebe ndi mbaula? Tisanasese n'komwe, shedi yanga inapsa. Amene ankatsogolera gulu, botolo la parafini lili m'manja, anali a Chimbalanga, tcheyamani wa msika. Amayi amene ndinkawamatira mapoto ulere ndi omwe ankaimba nyimbo kumbuyo kwawo. Ndinathawira kuno ndi nyundo yokha. Mwana uja anatengedwa ndi Abuda aja ometa mipala, ovala mikanjo yofiirira, amene amalera ana amasiye. Wakulira kumeneko, waphunzira kumeneko, lero ndi namwino.

Ndiye dzulo akubwera kudzandiuza kuti Loweruka kuli chinkhoswe chake, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndine, poti malume wina alibe. Mwamunayo ndani? Lameki, mwana wa a Chimbalanga omwewo.

Ndinamuuza kuti ine kumene kwasonkhana anthu sindipondako. Anthu ndi zilombo zovala malaya, ndinatero, ndipo amene sanakulume ndiye kuti sanamve njala. Iye anagwada pakhomo paja n'kunena mofatsa, "Malume, zimene anakuchitani n'zoipa, sindikutsutsa. Koma aphunzitsi athu ankati munthu sitimuona ndi maso okha. Mtima ndi umene umathamangira kutsogolo kukamupaka utoto, maso akamafika amapeza wauma kale. Ndiye mukamati aliyense ndi chilombo, mwina pena ndi utoto wanu."

Ine ndinati, "Utoto suwotcha shedi."

Anadzuka pamene anagwada paja. Anasiya shuga ndi sopo patebulo n'kumapita.

Ndiye ndinalota ndili pansi pa mtengo uno, dzuwa lili paliwombo, koma inu nonse kulibe. Ndanyamula mbaula, yokhoma ndekha, ndinaizindikira ndi mapindidwe a m'mphepete. Inali yodzaza makala oyaka, zogwirira zake zili psuu, ine ndagwira ndi manja opanda ngakhale kasanza. Ndiye mbaula ija inatsokomola, phulusa n'kutuluka pa kachitseko kake, n'kuti, "A Gwedeza, tiyeni, tachedwa."

Ine n'kuti, "Tipite kuti?"

"Mukufunsa ine? Mwakhala mukundikupizira m'mawa ndi madzulo, mvula ndi dzuwa. Ndapsa mokwanira. Tiyeni tikawakhuthulire pamutu a Chimbalanga."

Ndisaname, a Jailosi, ndinamva kukoma. Manja akupsa, fungo la chikopa changa ndikulimva, koma mtima ukuvina.

Ndiye tikuyenda, mwadzidzidzi msewu wafumbi uwu unasanduka khonde lalitali la ofesi, simenti yake yopaka polishi wofiira. Mbaula inati moto waukulu chonchi umayamba wakaonekera kwa akuluakulu. Ndinati ndikhale kaye pabenchi, benchi lija n'kusuntha.

"Pepani bambo," linatero. "Ine ndanyamula odandaula ambiri, ena olira, ena otukwana. Koma wobwera ndi moto wake wa kunyumba sindimulandira. Ndine wa matabwa a paini."

Ndiye chitseko chinatseguka chokha, chikudandaula kuti palibe amachithira oilo. M'katimo munali akuluakulu atatu. Woyamba anali bambo wa imvi zongoyamba, magalasi ake omanga ndi ulusi mbali imodzi, akutakasa tiyi.

"Takulandirani, bambo," anatero. "Tikuthandizeni chiyani?"

Mawu aulemu ndithu. Koma ine ndinaona mmene ananyambitira supuni ija, mumtima n'kuti, fisi uyu. Pakamwa sindinatsegule. Mwadzidzidzi khosi lake linatupa, mapewa kukwera, tayi kuthina, mawanga kutulukira m'manja mwa shati. Magalasi anatsalira pamphuno. Anadziyang'ana zikhadabo, n'kuusa moyo.

"Aa, bambo, mwandichitiranji zimenezi nthawi ya ntchito? Ndikaweruka ndikuyenera kukatenga mayi anga kuchipatala. Minibasi iti indilole kukwera chonchi?"

Ine n'kuti, "Munali fisi kale."

"Kapena," anatero, "koma m'mawa uno ndameta ndevu pagalasi, sindinaone chachilendo."

Wachiwiri anali mayi wovala duku lobiriwira. Anandiyang'ana m'manja, n'kuweramira kwa mnzake kumunong'oneza. Ine kunong'ona ndimakudziwa kumene kumathera. Mumtima ndinati, njoka yamiseche. Ndiye ndinangomva mapeto a mawu ake, "...mukawatungire madzi bambowa, manja awo akusssss." Anatsetsereka pampando, duku n'kugwa, mbobo yaitali n'kudzikulunga pamwendo wa tebulo.

Wachitatu anali wa yunifolomu, wamtali, lamba wake wonyezimira. Anaimirira atatambasula manja. "Bweretsani ndikulandireni katunduyo, madala." Ndinati, ng'ona iyi, ikufuna kulanda. Pomwepo anagwa chafufumimba, mchira kumenya kabati, majombo ali kumiyendo yakumbuyo.

Mbaula inaseka mpaka kuthetheka. "Diso lanu ndi lakuthwa, a Gwedeza! Simuphonya!"

Mukuti chiyani a Nangondo? Kuti mayi uja amandifunira zabwino? Inde, ndinamva. Koma kumsika kuja kunalinso amayi onong'onezana, ndipo sankaitanitsa madzi. Munthu amene analumidwapo ndi njoka, muzimusiya azithawa chingwe.

Ndiye ndinamuuza fisi uja kuti ndabwera kudzadziwitsa zoti ndikupita kukawotcha a Chimbalanga, ndipo ndikatero andipatse malo opanda anthu, ndikakhale ndekha mpaka imfa. Fisi anakonza magalasi ndi chikhadabo.

"Kuno timayamba ndi malo, kuwotcha kumabwera pambuyo. Tsegulani kabati iyo."

Ng'ona inasuntha mchira. Kabati inatseguka n'kuti, "Lowani, koma mupukute mapazi." Ndiye ndinalowa, mwadzidzidzi ndili m'dambo lalikulu, udzu wofika m'mawondo, thambo lili mbee. Kunalibe njira yopondedwa, kunalibe utsi, kunalibe wailesi ya munthu, ngakhale pepala la pulasitiki louluka. Ndinapuma mpweya umene sindinaupumepo chithawireni kumsika kuja. Ndinati, ndafika.

Ndiye ndikuponya maso, ndikuona chulu, pamwamba pake pakhala nkhalamba yometa mpala, mkanjo wofiirira, miyendo yopingasa, maso otsinzina pang'ono. Mmodzi wa aphunzitsi a Tinenenji aja. Ndinapsa mtima kuti ngakhale kuno munthu wanditsogolera. Ndinati, nkhono iyi, yathawa ntchito n'kudzadzipinda m'chigoba. Mwadzidzidzi pachulu paja panakhala nkhono yaikulu ngati mtondo, mkanjo uli pachigoba.

Siinadandaule. Inatukula tinyanga take n'kuti, "Zikomo. Msana umandivuta, apa ndapeza potsamira."

Ine n'kuti, "Nanunso anthu anakukwanani eti?"

"Ayi. Ine ndimabwera kuno kuti madzi a mumtimamu adikhe, matope akhale pansi, ndikabwerera ndiziwaona bwino anthu. Nanga inu mwabwera ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

"Nanga awo?"

Ndinayang'ana m'mbaula muja. A Jailosi, khala lililonse linali nkhope. A Chimbalanga ndi botolo lawo. Mayi amene analuluta denga likugwa. Munthu amene anathawa ndi sizasi yanga yodulira malata. Mkulu wa mpingo amene anaima patali manja ali kumbuyo. Onse anali mmene analili tsiku lija, palibe wokalamba ngakhale mmodzi, ndipo ankaimba nyimbo yomwe ija motsitsa mawu.

"Amenewa mumawadyetsa chiyani?" inafunsa nkhono. "Anenepa bwanji."

"Anandiwotchera shedi! Ananena kuti ndapha mlongo wanga wa bere limodzi!"

"Anatero ndithu. Ine sindikuti sanatero. Ndipo munthu amene m'kati mwake mulibe moto sawotcha cha mnzake. Tsiku limenelo iwonso ankapsa, wina ndi mantha, wina ndi nsanje, wina ndi umbuli chabe. Koma awo mwanyamulawo si iwo. Eni ake ena anafa, ena akukalamba, ena pano akusaka ndiwo za lero. Awa ndi anu. Munawakhoma nokha, ngati zidebe."

"Ndiye ndikawaombere m'manja?"

"Ayi. Mlandu ndi mlandu. Ine ndikungoona manja anuwo."

Mbaula inayamba kutentha kwambiri, ngati yamva nsanje.

"Yesani kanthu kamodzi," inatero nkhono. "Nenani kuti, ine ndikhale bwino. Mukatha, munene kuti Tinenenji akhale bwino. Kenako munthu wongodutsa mumsewu, amene simumudziwa dzina. A Chimbalanga n'kumapeto, musathamangireko."

Ndinati zimenezo ndi zachibwana, ngakhale mwana wa sukulu yamkaka atha. Ndiye ndinatsegula pakamwa. "Ine ndikhale..." Lilime langa linasanduka lata. Linangolira kuti ngwee, likugunda mano. Ndinayesanso. Ngwee. Mawu atatu okha, a ine mwini, osati a mdani, anakanika kutuluka.

"Ambiri amakanikira pomwepo," inatero nkhono.

"Musamvere zimenezo!" inakuwa mbaula. "Nkhono idziwa chiyani za moto? Inayamba yakhalapo ndi shedi? Tiyeni!"

Ndiye mwadzidzidzi udzu uja unasanduka mipando ya pulasitiki, thambo n'kutsika kukhala tenti yoyera, chulu n'kukhala chimkuzamawu chikugunda nyimbo. Ndinali pa chinkhoswe. Poti ndinali nditadziwa tsopano zimene diso langa limachita, ndinalowa nditazolika. Ndinkangoona mapazi. Nsapato zopukutidwa, zidendene zong'ambika, kamwana kovala sokosi imodzi. Mapazi a anthu, a Nangondo, alibe mlandu. Ukamawayang'ana okha umatha kuwamvera chisoni.

Ndiye woyendetsa mwambo anakuwa pa maikolofoni, "Malume a mkazi afika! Manja!" Nthungululu zinalira. Nthungululu zimenezo ndi zimene zinandilakwitsa, chifukwa zinamveka ndendende ngati za tsiku lija. Ndinadzutsa mutu. Mzere woyamba, mbuzi. Mzere wachiwiri, akhwangwala ovala mikanda. Kumbuyo anyani akulimbirana mabotolo a zakumwa. Woyendetsa mwambo anatsala chule wa suti yonyezimira, maikolofoni ataikumbatira ndi manja onse. Anthu oti sindinawaonepo chibadwire, ena obadwa shedi itapsa kale, onse ndinawamaliza ndi kuphethira kumodzi.

"Awo ali apowo," inanong'ona mbaula.

Kutsogolo, pampando wokhala ndi pilo, panali a Chimbalanga. Koma sanali a m'mbaula aja. Anali kankhalamba kochepa, suti ikuwalendewera, mbali imodzi yakufa ndi sitiroko, mlomo wokhota, kathaulo paphewa kopukutira dovu. Dzanja limene linagwira botolo lija linali pamwendo, lopindika ngati phazi la nkhuku yophika.

Ndinaima patsogolo pawo. "A Chimbalanga, mwandizindikira?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinu a mipando? Muwauze atiwonjezere ina, alendo achuluka."

"Ndine Gwedeza! Wa zidebe!"

"Zidebe," anatero, akuganiza. "Zidebe tili nazo kale. Zikomo."

Mukuona? Ine ndadzuka naye, ndadya naye, ndagona naye munthu ameneyu moyo wanga wonse wotsala, iye akundiyesa wobwereketsa mipando. Ndinawatchula fisi. Palibe chinachitika. Njoka. Ng'ona. Nkhumba. Ndinamaliza nyama zonse za m'tchire, ndinafika mpaka pa nsikidzi. Anangokhala pomwepo, munthu wokalamba, dovu likutsika. Osalakwa onse asanduka, wolakwa yekha watsala munthu.

"Khuthulani!" inakuwa mbaula. "Mukudikira chiyani? Khuthulani!"

Ndinaitukula pamwamba pa mutu wawo. Ndinati ndiiponye, siinachoke m'manja. Ndinaipendeketsa, makala n'kugwera pa mapazi anga. A Chimbalanga anayang'ana pansi n'kuti, "Samalani, bambo, mupsa."

Mukufunsa za Loweruka, a Jailosi? Mwafulumira. Chabwino, jekete ndaichapa, ili pachingwe. Koma musaganize kuti ndatembenuka mtima. Anthu ndi omwe aja, ndipo ndikakhala moyang'ana kukhomo. Imvani kaye chimene chandichapitsa.

Mwambo wake mukuudziwa, amabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti akuchimuna aloze wawo. Koma kumaloto kuja chule analengeza kuti wovundukula ndi malume. Ndiye anabwera atatu, akuyenda pang'onopang'ono motsatira nyimbo. Woyamba ndinamuvundukula ndi phazi, munali mtondo. Wachiwiri, munali njinga yopanda tcheni, n'kundipatsa moni. Ndikuyandikira wachitatu, ndinamva mawu kuchokera m'chitenje.

"Malume, ndine. Ikani kaye mbaulayo pansi, mundivundukule ndi manja."

"Siikuchoka, mwanawe. Yamatirira."

"Siinamatirire, malume. Mwangofumbata."

Ndinayang'ana zala zanga. Zinali zoona. Panalibe chomata, panalibe waya. Ndinali nditangogwira ndekha, molimba, mpaka mitsempha kutuluka. Ndinayamba kuwerama kuti ndiitule. Ndiye mbaula ija inasintha mawu, inayankhula motsitsa ngati mkazi wako wa zaka zambiri.

"Mukandiika pansi muziwotha chiyani? Amene wakhala nanu nthawi yonseyi ndani? Pamene munkagona pakhonde la sitolo, mvula ikukulowani m'makutu, anakufunditsani ndani? Mwanayu anali kwa Abuda akudya mpunga ndi timitengo. Ine sindinakusiyenipo."

Ndinaweramuka nayo. Sindinaiike pansi. Chitenje chija ndinachikoka ndi mano.

Anali Tinenenji, munthu bwinobwino. Nkhope ya Felesiya yeniyeni, mpata wa m'mano womwe uja, kachipsera ka pachipumi kamene anagwa nako akuphunzira kuyenda. M'tenti monse modzaza zilombo, iye yekha ndi a Chimbalanga ndiwo anali anthu. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku la moto. Ndinaugwira mtima wanga ngati mmene umagwirira galu wolusa alendo akamadutsa. Ndinati, usaganize kanthu, usatchule kanthu. Ndiye ndinakumbukira mawu a nkhono, n'kuyesa. "Tinenenji akhale bwino." Amenewa anatuluka, a Nangondo. Lilime linali lanyama. Anatuluka bwinobwino, ndipo mwana uja anamwetulira, makala a m'mbaula n'kuyamba kuchita phulusa pamwamba.

Ndiye a Chimbalanga anatsokomola. Chifuwa chouma, chokoka. Tinenenji anatembenuka, anatenga kapu ya madzi patebulo, anakagwada pambali pawo. Dzanja limodzi anawachirikiza kumutu, linalo n'kuwaikira kapu pamlomo wokhota uja.

"Imwani pang'onopang'ono, bambo," anatero.

Bambo.

Sindinafune. Ndikulumbira pa manda a Felesiya, sindinafune. Linangobwera lokha ngati kuyetsemula. Mumtima munangoti, bilimankhwe uyu, kwa ine mtundu wina, kwa iwo mtundu wina.

Kapu inagwa. Diresi linafwafwala pansi lopanda munthu. M'kati mwake munatuluka bilimankhwe wamng'ono, wobiriwira, ndolo imodzi ikulendewera pakhosi. Diso lina linayang'ana a Chimbalanga, lina linazungulira n'kupeza ine. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Malume," anatero ndi timawu tochepa, "ndimangowapatsa madzi."

"Ndabweza! Ndabweza mawu!" ndinakuwa.

Chule anagogoda maikolofoni. "Pepani malume, zonena mumtima sitibweza pagulu. Tipitirize mwambo. Akuchimuna, tambala ali kuti?"

Mbaula inayakanso mwamphamvu, malawi kufika m'chibwano. "Ndinakuuzani," inatero mokoma. "Tatsala awiri, ngati kale."

Ndiye bilimankhwe uja anayamba kuchoka. Mukudziwa mmene amayendera, mwendo kutsogolo, kuganiza, kubweza, kupondanso. Ngakhale mwana wokwawa atha kumupeza. Koma ine ndinalephera. Mbaula inalemera ngati thumba la simenti, mbuzi ndi anyani akundipinga m'miyendo. Ndinkamuitana dzina lake, iye osacheuka. Anadutsa pansi pa mipando, anatuluka m'tenti, analowa m'masamba ouma a mango. Sindinkamuonanso. Ndinkangomva masamba aja, shwe, shwe, shwe, akunka kutali, kenako akubwera pafupi, pafupi kwambiri, mpaka pakhomo panga.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera. Manja onse awiri ndinali nditafumbata m'mphepete mwa bedi, masaya anyowa. Shwe, shwe, shwe. Linali tsache. Ndinadzuka n'kusuzumira pa mng'alu wa chitseko. Mayi wina amene wangosamukira kumene m'nyumba yoyandikana ndi yanga, dzina lake sindinamufunsebe, anali atamaliza kusesa pakhomo pake n'kupitirira mpaka pakhomo panga, mwana ali kumsana, akuwunjika masamba anga pamodzi ndi ake.

Ndipo mawu oyamba kufika mumtimamu, ndisanasukusule n'komwe, anali akuti, kodi ameneyu akufuna chiyani kwa ine?

Ndinaluma mlomo, ndinagwira chitseko osatsegula. Tsache linapitiriza, shwe, shwe, shwe.